Mlangizi Wabwino Salanda Khasu

Alimi anzathu a ku Lifidzi ndi midzi yonse yozungulira, phunziro lathu la lero likunena za anthu amene amaphunzitsa anzawo ntchito ya kumunda. Ena ndi alangizi a boma. Ena ndi alangizi a kampani ya fodya. Ena ndi alimi otsogolera amene anasankhidwa ndi anzawo m'mudzi, ndipo ena ndi apampando a makalabu. Kapena inu amene mukuwerenga tsamba lino ndinu mmodzi wa iwo. Ngakhale mutakhala opanda udindo, muli ndi mwana kapena mkamwini amene mumamuonetsa kagwiridwe ka khasu. Choncho nkhaniyi ndi yanunso.

Dziko lathu la Angónia ndi lokwera ndiponso lozizira, ndipo mvula imagwa bwino kuposa kuchigwa cha Zambezi. Timakolola chimanga, nyemba, fodya, kabichi ndi mbatatesi. Mbatatesi zathu zimakadyedwa ku Tete mpaka ku Beira. Koma mavuto alipo. Madzi akukokolola nthaka m'minda ya m'mapiri. Mbeu ya mbatatesi ikutha mphamvu chaka ndi chaka. Mbozi zikudya chimanga chisanamasule. Malangizo othana ndi zonsezi alipo, ndipo ambiri a ife tinawamvapo. Nanga bwanji malangizo ochuluka amathera pansi pa mtengo pomwe panachitikira msonkhano, osafika kumunda?

Yankho lake lili pa kaphunzitsidwe. Munthu amasunga chimene manja ake achita ndi chimene maso ake aona. Chimene wangomva ndi khutu chimauluka ndi mphepo.

Zimene zakale zikutiphunzitsa

Kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, akuluakulu amakumbukirabe malamulo a malimidwe. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linalamula kuti mlimi aliyense alime mizere yopingasa ndi kuunda migula yoletsa madzi. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Lizulu, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewo. Boma linafuna kuichotsa, ndipo inathawira kuno ku Angónia, koma Apwitikizi anaibweza. Inamwalira mu 1954.

Taonani chinthu chodabwitsa. Mizere yopingasa inali yabwino ndithu, ndipo imateteza nthaka mpaka lero. Koma chifukwa inabwera ndi chindapusa, anthu anadana nayo pamodzi ndi mlangizi amene ankaiyendera.

Kwathu kuno, titalandira ufulu mu 1975, boma linatenga minda imene azungu anasiya ndi kupanga kampani yaikulu ya ulimi yotchedwa CAIA. Inali ndi mathirakitala ndi antchito ambiri, ndipo mapulani ake ankachokera kumtunda. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 inali itagwa, nkhondo itakula, anthu ambiri atathawira ku Malawi. Pamene mtendere unabwera mu 1992, anthu anabwerera kudzayambanso ndi khasu ndi nzeru za m'mutu mwawo. Chimene munthu anaphunzira ndi manja ake sichinaotchedwe ndi nkhondo.

Panalinso njira ina imene Banki ya Dziko Lonse inafalitsa m'maiko ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Mlangizi ankaphunzitsidwa uthenga umodzi, ndiye n'kukaupereka kwa alimi osankhidwa kamodzi pa masabata awiri alionse. Ubwino wake unali wakuti mlangizi ankaoneka m'mudzi pa tsiku lodziwika. Kuipa kwake kunali kwakuti uthenga unkayenda njira imodzi, kuchokera ku ofesi kupita kumunda. Mau a mlimi sankabwerera ku ofesi. Njirayo inkadyanso ndalama zambiri, ndipo maiko ambiri anaisiya pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Tsono tiyeni tione mmene mlangizi angagwirire ntchito ndi munthu mmodzi, ndi anthu ochepa ogwira ntchito imodzi, ndiponso ndi gulu lalikulu. Zitatuzi n'zosiyana.

Kuphunzitsa munthu mmodzi

Tiyerekeze kuti mai wina akudandaula kuti mbatatesi zake zikubala zing'onozing'ono. Mlangizi wopupuluma angoti, "Gulani mbeu yatsopano," basi n'kukwera njinga. Maiyo alibe ndalama ya mbeu, ndipo chaka chamawa vuto lili pomwepo. Mlangizi wodekha amatsika panjinga, n'kulowa m'munda, n'kuyamba ndi mafunso.

"Mwaswera bwanji amai? Kodi mbeu munabzalayi munaitenga kuti?"

"Ndaswera bwino alangizi, kaya inu. Ndi yanga yomwe. Zikuluzikulu ndimagulitsa, tating'ono totsala ndi timene ndimasunga."

"Zikomo. Tsono tiyende pamzere uwu. Mundionetse phando limene lakusangalatsani ndi limene silinakusangalatseni."

"Ili ndiye labwino, masamba ake ngotambasuka, obiriwira. Koma ili lapinimbira, masamba apiringizika."

"Inu mukuganiza kuti pokumba, tating'ono tambiri tidzachokera pa phando liti?"

"Pa lopinimbirali, nanga n'kufunsa?"

"Nanga mbeu yanu ya chaka chamawa idzachokera pati?"

"Ii! Ndiye kuti ndakhala ndikusunga mbeu ya zodwala, eti?"

Mwaona kuti yankho latuluka m'kamwa mwa maiyo. Mlangizi wangotsegula njira. Zoona zake n'zimenezo: matenda amene amapiringiza masamba amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, amatsikira m'mbatatesi, ndipo phando lodwala limabala tating'ono. Amene amasunga totsala pamsika amachulukitsa matenda m'munda mwake chaka chilichonse osadziwa.

Ntchito yotsatira ichitidwe ndi maiyo. Mbatatesi zikatsala pang'ono kuchita maluwa, adule timitengo ndi kuzika kamodzi pa phando lililonse lathanzi. Asazike pa phando loyandikana ndi lofota. Pakapita masabata awiri ayenderenso, ndipo phando limene layamba kudwala alichotsere kamtengo. Pokolola ayambe kukumba mapando a timitengo paokha, asankhe mbatatesi zosalala zazikulu ngati dzira la nkhuku, ndi kuzisunga pamthunzi powala, popita mphepo.

Mlangizi azike kamtengo koyamba kokha. Kachiwiri azike maiyo mlangizi akuona. Akalakwitsa, mlangizi asatsomphole kamtengo m'manja mwawo. Afunse kuti, "Tayang'ananinso masamba a m'munsiwo, mukuona bwanji?" Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali matenda enanso oopsa, ofotetsa phando lonse ngakhale nthaka ili yonyowa. Mlimi angawayese yekha. Adule tsinde la phando lofota, aliviike m'tambula yoonekera mkati ya madzi oyera, adikire pang'ono osagwedeza. Akaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo, ndi matenda amenewo. Phandolo lizulidwe pamodzi ndi mbatatesi zake ndi dothi lake, likatayidwe m'dzenje kutali ndi munda ndi madzi. Pamalopo pasabzalidwe mbatatesi, tomato kapena fodya kwa zaka zingapo, chifukwa mbeu zitatuzi n'zapachibale ndipo zimagwidwa ndi matenda omwewo. Pabzalidwe chimanga. Mlimi amene waona timaulusito ndi maso ake safunanso womukakamiza kuchita kasinthasintha wa mbeu.

Asanachoke, mlangizi apangane ndi maiyo tsiku lobweranso, ndipo tsikulo alisunge. Mlangizi wolonjeza Lachitatu n'kubwera mwezi wamawa amaphunzitsa anthu kuti mau ake ngopepuka. Apanganenso kuyesa: chaka chamawa mizere 10 ibzalidwe mbeu ya timitengo, mizere 10 mbeu ya masiku onse, tsiku limodzi, feteleza wofanana. Pokolola ayeze ndi ndowa imodzi ndi kulemba m'kope. Ndowayo ndiyo idzaweruza.

Kuphunzitsa anthu ogwira ntchito imodzi

Ntchito zina sizitheka munthu ali yekha. Mutu umodzi susenza denga. Chitsanzo ndi kuyeza akalozera, mizere ikuluikulu yotsogolera mizere ina kuti ipingase bwino phiri. Ntchitoyi imachitika m'chilimwe, zokolola zitachoka m'munda. Imafuna ndodo ziwiri zofanana kutalika, chingwe cha mamita 5, levulo yaing'ono yopachika pakati pa chingwe, zikhomo, ndi anthu atatu. Awiri amagwira ndodo. Wachitatu amayang'ana kathovu ka mu levulo. Wa ndodo yakutsogolo amasuntha kukwera kapena kutsika mpaka kathovu kaima pakati, ndipo pamenepo pamakhomedwa chikhomo. Akatero amasunthira kutsogolo mpaka munda utha. Mzere wa zikhomo ndiwo umaundidwa kukhala kalozera, ndipo pambuyo pake pamabzalidwa udzu wa vetiva mvula ikayamba.

Apa vuto silikhala pa levulo. Vuto limakhala pakati pa anthu. Wina amakoka chingwe mosalimba. Wina amapendeketsa ndodo chifukwa akucheza. Woyang'ana kathovu amakalipa, ndipo tsiku lachiwiri anthu awiri sabwera. Kalozera wokhota ndi woipa kuposa kusakhala naye, chifukwa amasonkhanitsa madzi pamalo amodzi, madziwo n'kuphulika n'kukumba chigwembe m'munda wa mnzako wa kumunsi.

Mlangizi wa anthu otere achite zinthu zinai.

Choyamba, ntchito isanayambe, onse atatu anene ndi pakamwa pawo chimene akufuna kumaliza tsikulo. Akhale munda wa yani, ndipo mawa munda wa yani. Zimenezi zilembedwe, kuti wina asadzati anzake anayamba ndi minda ya achibale awo.

Chachiwiri, maudindo azisinthana. Amene wagwira ndodo pa zikhomo 10 zoyamba ayang'ane kathovu pa zikhomo 10 zotsatira. Mukasiya levulo m'manja mwa munthu mmodzi, tsiku limene iye wapita kumaliro ntchito yaima. Amai nawonso agwire levulo, pakuti minda yambiri amailima ndi iwo.

Chachitatu, mlangizi aime pambali. Akaona chingwe chalendewera asafuule. Aimitse ntchito ndi kufunsa onse kuti, "Abale, tiyang'ane m'mbuyo. Zikhomo zathu zikuyenda bwanji?" Iwo okha aona pamene mzere wagwera kumunsi, ndipo abwerera kukakonza. Akakhala munthu mmodzi amene akulakwitsa kawirikawiri, mlangizi alankhule naye pambali popuma. Kuyamika kuchitike pagulu, kudzudzula kuchitike kuseri. Munthu wamkulu wochititsidwa manyazi pamaso pa akamwini ake sabweranso.

Chachinai, poweruka akhale pansi mphindi zochepa ndi kufunsana mafunso atatu. Chayenda bwino n'chiyani? Chavuta n'chiyani? Mawa tisinthe chiyani? Mlangizi alankhule pomaliza, ndipo alankhule mwachidule.

Kumbukirani kuti mizere yopingasa imene anthu a Gomani anaikana ndi yomweyi. Chasintha ndi mwini wake wa ntchito. Kale inali ya boma. Atatu aja akaiyeza okha, ndi yawo, ndipo mvula ikagumula penapake amathamanga okha kukakonza.

Kuphunzitsa gulu lalikulu

Gulu la anthu 25 kapena 30 lili ndi mavuto akeake. Olankhula amakhala atatu omwewo. Amai amakhala kumbuyo pamphasa ali duu. Anyamata amaopa kutsutsa akuluakulu. Mlangizi amalankhula ola lathunthu, n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Onse amati, "Tamva!" Koma kumunda kulibe chosintha.

Njira yothana ndi vutoli inayambira ku Indonesia mu 1989, mothandizidwa ndi bungwe la FAO. Alimi a mpunga kumeneko ankapopera mankhwala mopitirira, n'kupha tizilombo tabwino timene timadya toononga, ndipo toonongato tinkachuluka koposa. Alangizi anaona kuti kungowauza sikukuthandiza. Tsono anayamba kukumana ndi alimi m'munda momwe, kamodzi pa sabata, kuyambira pobzala mpaka pokolola, alimiwo akuyang'ana okha ndi kuwerenga tizilombo. Njirayi inatchedwa sukulu ya m'munda. Inafika ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo m'mapepala a boma imalembedwa kuti Escola na Machamba do Camponês.

Sukulu imeneyi ilibe makoma ndipo ilibe mabenchi. Buku lake ndi munda. Mundawo umagawidwa pawiri: mbali ina imalimidwa monga mwa masiku onse, mbali ina mwa njira imene gulu likufuna kuyesa. Gulu limagawidwa m'timagulu ta anthu asanu, chifukwa munthu woopa kulankhula pa anthu 25 amamasuka pa anthu asanu.

Titenge chitsanzo cha mbozi yachilendo yodya chimanga, imene inachokera ku America n'kufika m'dera lathu mu 2017. Inu amene mukuphunzira zilembo simungaisokoneze ndi ina. Pamutu pake pali chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka, ndipo kumchira kwake kuli timadontho tinai takuda. Imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, imasiya masamba obooka ndi ndowe zonga utuchi.

Kagulu kalikonse kalowe m'munda m'mawa, kayende mokhotakhota ngati chilembo W, kaime malo 5. Pamalo alionse kayang'ane mapesi 10. Onse pamodzi akwana 50. Mmodzi alembe m'kope mapesi amene adyedwa kumene. Ena afunefune mazira pamasamba ndi kuwaphwanya ndi chala. Alembenso abwenzi a mlimi amene awaona, monga nyerere, mavu ndi mbalame, zimene zimadya mbozi. Potuluka m'munda kagulu kalikonse kajambule chimene kaona papepala lalikulu ndi kufotokozera gulu lonse. Wofotokoza azisintha sabata iliyonse mpaka aliyense ataimapo kutsogolo.

Pamenepo mtsutso umayamba. Wina ati tipopere lero. Wina ati tidikire, nyerere zachuluka. Agogo ena ati iwo amathira phulusa kapena mchenga m'nsonga. Mlangizi asaseke nzeru ya agogowo, ndipo asaivomereze mwachisawawa. Anene kuti, "Agogo, tiyese pa mizere 5, ndipo sabata yamawa tidzawerenge." Gulu likagwirizana zopopera, mmodzi awerenge mokweza zolembedwa pabotolo, muyezo utsatidwe, wopopera avale zodziteteza, ndipo ana akhale kutali.

Wina akafunsa chinthu chimene mlangizi sachidziwa, mlangizi anene poyera kuti akafunsa kwa akatswiri ku Ulónguè, ndipo sabata yotsatira abwere ndi yankho. Safunsa anadya phula. Yankho lopeka likhoza kupha munda wa munthu.

Pali zinanso zazing'ono zimene zimamanga kapena kupasula gulu. Amfumu adziwitsidwe poyamba. Tsiku lokumana lisakhale la msika, ndipo nthawi yake isankhidwe ndi gulu, poganizira amai amene ali ndi ntchito ya pakhomo. Msonkhano uyambe pa nthawi yake ndi kutha pa nthawi yake. Zokolola za m'munda wa gulu zidzagawidwa bwanji, zikambidwe ndi kulembedwa mbeu isanalowe pansi. Magulu ambiri amapasuka pa nthawi yokolola chifukwa nkhaniyi inasiyidwa.

Kope ndi pensulo

Mwaona kuti m'ntchito zitatu zonsezi muli kulemba. Ndowa za mbatatesi zilembedwa. Mndandanda wa minda ulembedwa. Mapesi odyedwa ndi mbozi alembedwa. Mutu umaiwala, ndipo pakapita chaka aliyense amakumbukira zomukomera. Kope silikondera. Mlimi wodziwa kulemba manambala ake angathe kuuza mlangizi mwaulemu kuti, "Alangizi, njira munatiuza ija tinaiyesa, ndipo m'munda mwathu siinapindule. Onani apa." Mlangizi wanzeru amakondwa ndi mau otere, chifukwa nayenso waphunzira, ndipo ali ndi chokanena ku ofesi. N'chifukwa chake sukulu ya kwacha ndi sukulu ya m'munda ziyenera kuyendera limodzi.

Alangizi ndi ochepa, midzi ndi yambiri, ndipo m'dzinja miseu imavuta. Mlangizi mmodzi sangafike m'munda uliwonse kuchokera ku Lifidzi mpaka ku Dómuè. Amasamutsidwanso, ndipo mabungwe obwera ndi chithandizo amakhala zaka zochepa n'kupita. Choncho ntchito ya mlangizi tisaiyeze ndi kuchuluka kwa misonkhano imene wachititsa. Tiiyeze ndi zimene zikuchitika m'munda iye kulibe. Ngati mai uja akuzika timitengo yekha ndi kuonetsa mnansi wake, ngati atatu aja akuyeza akalozera m'mudzi wina popanda wowayang'anira, ngati gulu likukumana ndi kuwerenga mbozi tsiku limene njinga ya mlangizi yaonongeka, ndiye kuti mlangiziyo wagwira ntchito.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani anthu a ku Ntcheu anadana ndi mizere yopingasa m'zaka za m'ma 1950?
2. Chifukwa chiyani si bwino kusunga mbatatesi zing'onozing'ono zotsala pamsika kuti zikhale mbeu?
3. Poyeza akalozera pamafunika anthu angati, ndipo aliyense amachita chiyani?
4. Mukaima malo 5 ndi kuyang'ana mapesi 10 pamalo alionse, mapesi onse akwana angati? Mapesi 12 akakhala odyedwa, abwino atsala angati?
5. M'gulu lanu, ndani amene salankhula pamsonkhano? Mungachite chiyani kuti mau awo amveke?

Zochita sabata ino

Sankhani ntchito imodzi ya kumunda imene mumaidziwa bwino. Pezani munthu mmodzi amene saidziwa. Muonetseni kamodzi, kenaka mupatseni chida agwire yekha inu mukuona. Lembani m'kope dzina la ntchitoyo, tsiku limene mwaphunzitsa, ndi tsiku limene mudzabwerenso kudzaona. Kopelo mubwere nalo m'kalasi kuti tidzawerenge pamodzi.